Kumene tsache silinafikeko

Mlamu wangayo, a Katsache, ndikuti anabadwa tsache lili m'manja. Tsamba likagwa pabwalo pawo linkapepesa lokha. Mtengo umene unali pakhomo anaudulitsa, ati ukuwadetsera pabwalo, moti panatsala mbee ngati dazi la amuna awo.

Ntchito anapeza yowayenera, yosesa pa ofesi ya kampani yocheka matabwa. Imvi zinawamerera pomwepo, akukolopa khonde, akupukuta tebulo la bwana mpaka ntchentche kutererapo.

Ndiye mwana wawo wamkazi, yemwe anamuphunzitsa sukulu ndi tsache lomwelo, anakakhala ndi anzake pamsewu wolowera m'nkhalango, kutsekereza malole a kampaniyo. Ati dziko latentha, mvula yasokonekera, mitengo yotsalayi isagwe.

Bwana anawaitana. "Mayi, kamchotseni mwana wanu. Apo ayi, ntchito yatha."

Ananyamuka ndi tsache lomwelo kuti akamukwapule nalo.

"Iwe, ndinakuphunzitsira kukhala pamsewu ngati mbuzi?"

"Mundimenya, amayi, sindithawa. Koma muyambe mwaona chimene mukundimenyera."

"Ndikaone chiyani kutchire? Zinyalala?"

Analowabe m'nkhalangomo, akung'ung'udza. Kunja dzuwa linkaswa mtengo, koma mkatimo munali zii, kamphepo kozizira. Atati ayang'ane kunsonga za mitengo, duku linagwa, nsonga osaziona. Pansi masamba okhaokha, phazi kumira mpaka m'kakolo.

"Muno sanasesemo chilengedwere," anatero, mawu atatsika ngati ali pamaliro.

Koma dzanja linayabwa. Anasesa kamalo kochepa ngati mbale. Pansi pa masambawo panali dothi lakuda bii, lonunkhira mvula, chonsecho mvula inali itatha kalekale. Nyongolotsi, timizu toyera ngati ulusi, tizilombo tili yakaliyakali. Anagwada, kupisa dzanja, kufinya dothilo. Madzi anadontha pakati pa zala. Kwawo chitsime chinali chitauma gwa.

Anabwezera masamba aja ndi manja, pang'onopang'ono, ngati akufunditsa khanda.

Atatuluka anakakhala pansi pafupi ndi mwana wawo, miyendo tambalale. Dalaivala wa lole yakutsogolo, yemwe ankawadziwa ku ofesi, anasuzumira pawindo.

"Mayi, nanga ntchito?"

Anadzuka n'kumupatsira tsache lija pawindo pomwepo.

"Kampatseni bwana. Mumuuze ayambire kuseri kwa chitseko, n'kumene kumabisala fumbi."