Thunthu la Nthochi M'malo mwa Atate

Nyuzipepala, nyuzipepala iwe! Ine ndimakudziwa, ntchito yako ndi kukulunga vitumbuwa. Koma apongozi anga, mwamuna wa mwana wanga woyamba, ankakugwadira ngati guwa.

Zinali zaka zija unga tinkaudikira pamzere, sopo kulibe, saladi wophikira kulibe. Apongoziwo ntchito ya ukalaliki inawathera, inatsala tayi yokha. Tonse tinapanikizana m'nyumba imodzi ku komboni ya Kanyama, pamodzi ndi amayi anga okalamba, maso atachita nkhungu.

Amayi chinkawadya mtima ndi chimodzi. Atate anatengedwa kunkhondo ya azungu ine ndili kumsana. Obwerako anati anakwezedwa sitima ya pamadzi, ndipo inamira, koma woona ndi maso panalibe. Ndiye amayi anakana kulira maliro, anakana kumeta. "Ndikamumetera ali moyo, ndamupha ndine." Tsopano mphamvu zinali kutha, ankaopa kufa asanaike mwamuna wawo.

Apongozi anati, "Ambuya, musade nkhawa. Vonse vinalembewa."

Ayi ndithu, anauyamba. M'mawa tayi pakhosi, nsapato m'manja, kuwoloka madzi a mu komboni, wapansi mpaka kutauni, kunyumba yosungirako mapepala akale. Madzulo abwera akuyetsemula fumbi, zala zili bii, nkumatitchulira sitima zankhondo ngati abale awo. Iyi inali ndi mizinga yakuti, iyi inanyamukira doko lakuti. Ine chamumtima: kodi mzingawo tithira mchere? Munthu woopa kulumpha ngalande, lero katswiri wa nyanja!

Dzinja lili pakati anabwera akuthamanga, atakopera pamanja tsamba lonse la nyuzipepala yakale. Sitima ija anaipeza, gulu la atate linalimo. Anawerenga choimirira, akumasulira. Mzungu woyendetsa, dzina lake. Wachiwiri wake, dzina lake, ndi sukulu imene anaphunzira. Ngakhale galu wa m'sitimamo, amene anamuvuula wamoyo, dzina lake lilipo, ati anali wolimba mtima.

Amayi anatchera khutu. "Nanga bambo wake wa mwanayu?"

Apongozi anatsokomola. Pansi penipeni panali kamzere kamodzi: asilikali akuda amene anali m'chipinda cha kunsi anamira onse.

Asa! Galu dzina, atate anga "onse". Lemba, mlembi, lemba! Inki ya galu unali nayo, pofika pa anthu cholembera chinauma. Ndinalavula pansi, pamaso pa apongozi pomwe, ulemu ndinauiwala.

Koma amayi anangofunsa, "Mwati onse?"

"Onse, ambuya."

"Basi. Funani lumo."

Kwathu kum'mawa, munthu akapita ndi madzi timaika thunthu la nthochi m'malo mwake. Kumanda a boma anafuna pepala la mtembo. Pepalanso! Tiwapatse la galu? Tinangokumba kuseli kwa nyumba. Apongozi anavula tayi, anagwira piki, apo ndiye ndinaona kuti mwana wanga anakwatiwa ndi mwamuna. Koma Kanyama ndi Kanyama: dzenje lisanafike m'chiuno, madzi tho! Thunthu lija, titalikulunga chitenje, linayandama. Apongozi manyazi, kuthamangira ndowa kuti akape.

"Lekani," anatero amayi. "Ndiko anazolowera."

Tinalitsindira ndi mwala, tinafotsera matope. Ndiye ndinayambitsa nyimbo, ee, ndinaiyambitsa! Dzina la atate ndinalikweza, azimayi anzanga a kumsika nkumavomera, mpaka odutsa pamsewu anaima nalitchula nawo. Dzina lija pepala linalikana, Kanyama analiloweza.

M'mawa mwake ndinawameta amayi ndekha. Imvi zinagwera pamphasa, iwo akusisita mpala, akuseka ngati kamtsikana. "Mphepo yakoma," anatero. Anamwalira chimanga chitacha, ali mkazi wamasiye weniweni.

Tsamba lija apongozi akali nalo m'sutikesi, alisunge. Ine mpaka lero pokulunga vitumbuwa ndimasankha pamene pali nkhope ya bwana, mafuta alowe bwino.