Lamulo Lomvera Munthu Mmodzi

Pa kampani ina yonyamula katundu panali bambo amene aliyense ankawatchula kuti a Tadikirani, chifukwa kompyuta ikavuta mawu awo anali amenewo basi. Zaka makumi awiri anazithera m'kachipinda kopanda zenera, pakati pa kabati ya mafayilo ndi matayala akutha. Ntchito yawo inali pa sikirini yakuda, pomwe munthu amalemba lamulo, kompyuta n'kuyankha ndi mzere umodzi, kawirikawiri wamwano.

M'mawa uliwonse ankalemba mawu atatu, makina n'kusindikiza pepala la madalaivala: galimoto iyi ipite kwakuti, inyamule zakuti. Popanda pepalalo palibe galimoto inkatuluka pageti.

Kenako kampani inaganiza zochepetsa antchito. Bwana anabweretsa mayi wina wa kulikulu kuti aphunzire ntchitoyo, Lachisanu a Tadikirani atsanzike.

Lolemba mayiyo analowa ndi akaunti yake, nalemba mawu atatu aja. Kompyuta inayankha kuti lamulolo silikupezeka. A Tadikirani analowa ndi akaunti yawo, nalemba omwewo, pepala linatuluka bwinobwino.

"Bambo, pali china mukuwonjezera," anatero mayiyo.

"Ayi mayi, penyetsetsani zala zangazi."

Anapenyetsetsa, osaona kanthu. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anafufuza zilolezo, zinali zokwanira. Fayilo ya lamulolo inalipo, onse awiri anaiona ndi maso awo, koma kwa mayiyo kompyuta inakanitsitsa kwa mtuwagalu.

Lachitatu bwana anaima pakhomo akukanda mutu. "Ngati chikungomvera inu nokha, tikuchotsani bwanji? Chikapanda kutheka pofika Lachisanu, mukhala."

Kunyumba mkazi wa a Tadikirani anamva nkhaniyo akusita malaya.

"Bambo ake, chinthu chakukondani chokha, inu mukufuna kuchikonza? Chisiyeni. Pa msinkhu wanuwu akulembani ndani ntchito?"

Iwo anavomera kuti n'zoona, nagona maganizo ali pa kompyuta pomwepo.

Lachinayi masana, anzawo atapita kukadya, anatsegula kafayilo kobisika kamene kompyuta imawerenga munthu akangolowa ndi akaunti yake. Munali mzere umodzi wouza kompyuta foda yoti izifufuzamo malamulo. Anaulemba okha chaka chimene anayamba ntchito, n'kuiwaliratu. Mu akaunti ya mayi uja munalibe mzerewo. Vuto lonse linali pamenepo.

Anatseka fayiloyo, nadya buledi wawo. Anaitsegulanso, mzere unali pomwepo. Palibe wina ankadziwa, ndipo mayiyo mwina akanatha mwezi asanaganize zosuzumira mmenemo. Mantha anawagwira ndithu poganiza zokhala pakhonde Lolemba m'mawa anthu akudutsa kupita kuntchito.

Ndikanakonda kunena kuti chinawakakamiza ndi chilungamo, koma ndinganame. Anasaka masiku anayi, napeza, ndipo munthu wa ntchito imeneyi akapeza yankho m'kamwa mumamuyabwa. Anapirira mphindi makumi awiri.

Mayi uja atabwerera, asanaike n'komwe chikwama pansi, anamukodola.

"Mayi, bwerani muone chinthu chokongola."

Anamuonetsa mzerewo, namufotokozera modekha, nkhope ikuwala ngati munthu woonetsa chithunzi cha mdzukulu. Mayiyo anaukopera mu akaunti yake, natuluka, nalowanso, nalemba mawu atatu aja. Makina anayamba kulira, pepala linatuluka. Analitenga, naliyang'ana, kenako anayang'ana bambowo nthawi yaitali.

"Bambo, mukudziwa zimene mwachitazi?"

"Ndikudziwa, mayi," anayankha a Tadikirani. "Koma taonaninso mmene chinabisalira. Mzere umodzi basi."

Lachisanu bwana anawagwira chanza, nalandira makiyi a kachipinda kaja, nawathokoza kwambiri chifukwa chosavutitsa.