Funso la Anesi a Mwanza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene dzina la atate linalowa m'buku la odwala oyenera kuwalondola kunyumba. Anali atagonekedwa kawiri kuchipatala chachikulu ku Chipata chifukwa cha mtima. Miyendo inkatupa, ndipo akagona chagada mpweya unkawathawa. Ulendo wachiwiriwo unatidyera ng'ombe, ndipo akuchipatala nawonso ankadandaula kuti mafuta a ambulansi ya ulendo umodzi akanathandiza anthu ambirimbiri. Ndiye anakonza zoti anthu onga atate aziyenderedwa asanafike pothamangira nawo kuchipatala chachikulu.

Amene ankatiyendera anali anesi a Mwanza, mayi wamfupi wa mawu aakulu, wokulira ku mishoni. Kawiri pa mwezi tinkamva njinga yawo yamoto ikulira kuchokera kumsewu wa ku Pembamoyo, iwo fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Ankawamanga atate chopimira pamkono, kudina chala pamwendo, kenako n'kuwerenga mapilitsi otsala. Anawaletsa khasu, nkhwangwa, njinga ndi mchere. Atate, munthu wosamva zonena mnzake, anamvera zonsezo. Kumunda ankangokhala pachulu n'kumatiloza ndi ndodo pamene tasiya udzu. Kutupa kunaphwa, ndipo miyezi isanu ndi iwiri inatha osaona bedi la kuchipatala. Anesiwo ankawanyadira ngati mwana wawo wakhoza mayeso.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala anandipeza ndikuswa nsawa pamkeka limodzi ndi amayi. Atate anali atapita kukasamba. Anesi anakhala pambali panga, natola nsawa imodzi.

"Iwe Tasila, ndiwe uli ndi maso pakhomo pano. Kupatula zimene ndinaletsa zija, pali china cholemetsa chimene atate ako amachita? Nena, ine sindikalipa."

Chinalipo, ndipo ndinkachidziwa. Chaka cham'mbuyo mwake, gule atatuluka pabwalo, ndinali kutsogolo ndi atsikana anzanga tikuwomba m'manja. Chilombo china chinapalasa fumbi pafupi nane, ndipo ndinaona chala chachikulu cha kuphazi chopanda chikhadabo, chomwe ndinkachiona tsiku ndi tsiku ndikamapereka madzi osamba kwa atate. Ngakhale lero sindipitirira pamenepa. Ife tinakula tikuuzidwa kuti zilombo zimachokera kumanda, si anthu, ndipo mtsikana wonena zina amawaitanira amayi ake mlandu woti mudzi wonse n'kuwafulatira. Ndinkadziwanso kuti Loweruka likubweralo kunali mpalo, gule wokumbukira malemu agogo a mudzi woyandikana nafe, ng'oma zinali zitayamba kale kuwambidwa.

Ndinayang'ana amayi. Iwo sanadzutse mutu, zala zawo zinkangoti thwa, thwa.

"Palibe," ndinatero.

Anesi anachonga papepala, nandisisita kumutu, n'kukwera njinga yawo.

Loweruka m'mawa atate anamwa mapilitsi awo bwinobwino, nati akupita kukaona mbuzi ku Mlolo. Amayi anangoti, "Muyende bwino." Dzuwa la tsiku limenelo linali loti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Ine kubwalo sindinapite. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe, ng'oma zikumveka kutsidya kwa dambo masana onse, ndipo sindinapemphere kapena kulira. Ndinkangophwanya tizibuma tadothi ndi mwala.

Atate anabwera dzuwa litapendeka, atasamba, malaya atamanga mabatani onse. Anakhala pakhonde, nandiuza kuti ndiwatungire madzi. Pamene ndinkabwera ndi kapu, mlomo wawo unali utachita mbuu, akupuma ngati munthu wokwera phiri. Anthu anawanyamulira pa ngolo ya aneba. Anatsirizikira panjira, chipatala chikuonekera patali.

Pamaliro anthu ankandigwira mapewa kuti ndilire, ati mwana asasunge m'mimba. Misozi sinabwere ayi. Ndinkatunga madzi, kutsuka mbale, kupereka moni, ngati maliro ndi a kwa eni. Amuna onse amene anasenza bokosi ankadziwa kumene atate anali Loweruka lija, ndipo aliyense ankati matenda a mtima ndi otero, sachenjeza.

Patatha sabata anesi a Mwanza anabwera wapansi, njinga ataisiya kumsewu. Anakhala pansi ndi faelo ya atate pamiyendo, akutembenuza mapepala mmodzimmodzi. Mapilitsi sanadumphepo, mchere anasiya, kulemera kwa thupi kunali bwino.

"Amayi, ndithandizeni," anatero, mawu aakulu aja atachepa. "Kodi ndinaphonya pati ine?"

Amayi anati ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndinalowa m'nyumba.

Lero ntchito ya anesi a Mwanza ija ndikuigwira ndine, m'midzi yomweyi ya ku Chadiza. Ndikumvetsa tsopano kuti wodwala angathe kukhoza mafunso onse a papepala, koma chimene chidzamuphe n'kukhala chinthu choti pakhomo pake palibe wololedwa kuchitchula. Choncho funso lija sindifunsa mwana, sindifunsanso mkazi. Ndimayenda ndi bambo wina wodzipereka wa m'mudzi momwemo, amene analowa mwambo. Ndikatha kupima ndimapita kukayang'ana nkhuku za eni, iwo n'kutsala amuna okhaokha. Zimene amakambirana sindilemba, koma ndaonapo abambo ena otupa miyendo atakhala pampando pabwalo, akungoonerera ngati ine.

Anesi a Mwanza anapuma ntchito, amakhala pa boma. Nthawi zina timakumana pamsika, iwo akuyenda ndi ndodo. Amandigwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Atate ako aja mpaka pano amandisowetsa tulo, mwanawe. Ndinachita zonse." Ine ndimati, "Munachitadi zonse, amayi." Kenako ndimagula tomato wanga n'kukakwera minibasi.