Bulangete Lamakwinya la Noelene

Tsiku limene fakitale yathu ya magalimoto m'tauni ya Elizabeth inatsekedwa, Noelene Trezise anatuluka pageti atanyamula kapu yake ya tiyi ndi sizasi basi. Zaka 26 anazithera pamakina, kusoka zovundikira mipando ya galimoto. Tsopano anali ndi zaka 51, sukulu anaisiyira panjira, ndipo kulikonse kumene ankafunsira ntchito ankamufunsa pepala limene analibe.

Miyezi isanu ndi itatu anangokhala pakhomo. Anasoka makatani a nyumba yonse, kenako anawaphwasula n'kuwasokanso.

"Ukapitiriza chonchi, galu wathuyu umusokera jekete," anatero mwamuna wake, Des.

"Ndamuyeza kale," anayankha Noelene.

Anaseka onse, koma Noelene mumtima zinkamuwawa. Manja odziwa ntchito akasowa pogwira, mwini wake amayamba kudziona ngati watha.

Kenako anapeza ntchito yokolopa pa kampani ina yaing'ono yopanga masetilaiti, cha kufupi ndi bwalo la ndege. Masetilaiti ake sakwera munthu. Amapita ndi roketi, n'kumazungulira dziko kwa milungu ingapo atanyamula zofufuza monga zitsulo, mankhwala ndi tizamoyo. Ulendo ukatha, kabokosi ka zinthuzo kamatsika m'chipululu ndi parachuti, chiambulera chachikulu chansalu.

Ulendo uwu kabokosiko kanali konyamula tinyongolotsi tosaoneka ndi maso. Madokotala ankafuna kuona mmene minofu yake imafookera kumwambako, kuti apeze pothandizira odwala ogonera pabedi nthawi yaitali. Koma kumwamba n'kwankhanza: kukawomba dzuwa kumaotcha, kukachita mthunzi kumaumitsa. Chotetezera tinyongolotsito chinali bulangete la mapepala onyezimira makumi awiri osanjikiza.

Amene ankalisoka anali injiniya Lachlan Varga, munthu wa madigiri awiri, wokonda zinthu zoongoka. Bulangete lake linali lokungika ngati ng'oma, lokongola ndithu. Katatu analiika m'chipinda choyesera kutentha ndi kuzizira, ndipo katatu konse tinyongolotsi tinafa. Kunatsala milungu isanu ndi umodzi, ndipo roketi siidikira munthu. Akanaiphonya, kampaniyo ikanatseka, ndipo Noelene akanatulukanso pageti ndi kapu yake.

M'mawa wina akukolopa, anaima pagalasi la chipinda chimene Lachlan ankasokera n'kuliyang'anitsitsa bulangetelo. Pakamwa panamuyabwa.

"Mwalikoka kwambiri," anatero.

Lachlan sanadzutse n'komwe mutu. "Pepani a Noelene, amenewa si makatani."

"Ndikudziwa. Makatani anga sanaphepo chamoyo."

Apo Lachlan anatembenuka.

"Taonani pamsokopo," anapitiriza Noelene. "Mapepala onse mwawapanikiza pamodzi, kutentha kukungodutsa pomwepo. Mpando wa galimoto ukausoka choncho, Januwale mmodzi padzuwa wang'ambika. Nsalu imafuna malo opumira, achimwene."

Lachlan anauyang'ana msokowo. Zoti mapepalawo sayenera kupanikizana anazidziwa kalekale m'buku. Koma buku silinamuuze mmene dzanja limagwirira singano kuti msoko ulimbe popanda kufinya. Anatsegula kabati n'kumupatsa zidutswa zotsala.

Musaganize kuti zinangoyenda. Tsiku loyamba singano inang'amba mapepala ngati tsamba louma. Tsiku lachiwiri ulusi unkaterereka, chifukwa kumeneko sasoka ndi manja chabe, amavala magolovesi ndi chophimba kukamwa. Bulangete lake loyamba litalowa m'chipinda choyesera, tinyongolotsi tinafanso.

Anafika kunyumba atagwa mphwayi. "Ndangodzichititsa manyazi. Mawa ndibwerera kuchokolopera changa."

"Iwe, makatani aja unawasoka kangati?" anafunsa Des, akumuikira m'mbale pai, buledi wokhala ndi nyama m'kati.

M'mawa mwake anabwerera. Ankakolopa mpaka naini koloko, kenako n'kukhala pamakina. Lachlan ankayeza pamene kutentha kukudutsira, Noelene n'kumaphwasula pomwepo. Paja mutu umodzi susenza denga. Tsiku lakhumi ndi chiwiri bulangete linatha, lotayirira, makwinya okhaokha.

"Likuoneka ngati panagona galu," anatero Lachlan.

"Lilowetseni tione," anatero Noelene, "tinyongolotsito tilibe maso."

Analilowetsa m'chipinda muja masiku atatu. Atatsegula, palibe n'kamodzi komwe kanafa.

Setilaiti inapita, ndipo kwa masiku makumi atatu Noelene ankayanika zovala maso ali kumwamba. Tsiku lotsika anamutenga pagalimoto ya kampani mpaka kuchipululu. Dzuwa litangokwera, kadontho kanaoneka kumwamba, parachuti inatambasuka, kabokosi kanatera pa dothi lofiira, kakuda bii ndi moto wa panjira. Bulangete silinabwere nako. Ntchito yake inathera kumwamba, ndipo linapsera komweko pamodzi ndi setilaiti, monga zinakonzedwera.

Za ntchito ya manja ake panalibe chotsala choti n'kuonetsa munthu. Umboni wonse unali m'kabokosimo.

Kabokosiko anakatsegulira m'hema limene anamanga pomwepo. Lachlan anaika kambale ka tinyongolotsi pansi pa makina okulitsira zinthu, anasuzumira nthawi yaitali, kenako anadzuka pampando.

"A Noelene, bwerani mudzaone ana anu."

Anasuzumira. Tinyongolotsi tinali piringupiringu, tamoyo, ndipo tinali titaswana kumwamba komweko. Noelene analira mosabisa, akuseka, misozi ikunyowetsa chophimba kukamwa chija. Anaimbira foni Des.

"Ndiye kuti nyongolotsi zafunda bwino kuposa ine mwamuna wako," anatero Des.

Lero Noelene sakolopanso. Ali ndi chipinda chake chosokera, ndipo anakatenga amayi atatu amene tinkasoka nawo mipando kufakitale kuja. Sizasi ndi yomwe ija.

Inu amene akubwezani pakhomo chifukwa mulibe pepala, inu amene mukuona ngati zaka zanu zonse zinapita pachabe, tamverani. Chimene manja anu akudziwa sichinatsekedwe limodzi ndi geti lija. Pali malo ena, mwina amene simunawalotepo, kumene anthu ophunzira akusowa tulo chifukwa cha chinthu chimene inu mumachita mukucheza. Mukachiona, tsegulani pakamwa. Msoko woyamba ukang'ambika, phwasulani, lowetsaninso ulusi, ndipo mtima wanuwo osautaya.