Nthungululu za Amayi Pakati pa Nyimbo

Usiku wathawu ndinalota maloto otopetsa, abale, moti ndadzuka mapewa akuwawa ngati ndinali kumunda. Loweruka lino gulu lathu la zoimbira kuno ku Zomba lili ndi konsati ya Khirisimasi, ya nyimbo zakale za ku Ulaya zija zopanda mawu. Ine ndimaimba vayolini. A Chirwa, amene amatiimbitsa ndi kandodo, akhala akutiuza kuti tichenjeze abale athu kuti nyimbo ikaima pang'ono pakati asaombe m'manja, imakhala isanathe. Amayi anga akubwera kuchokera kumudzi kudzandionera koyamba, ndipo mawu amenewo andikanika kuwauza.

Ndiye m'malotomo tinali mu holo ya kutchalitchi, koma denga kunalibe, ndipo mipando inali m'mizere ya chimanga. Amayi anakhala kutsogolo penipeni, atavala chitenje chawo cha paukwati. Tinayamba bwinobwino. Titafika pamene nyimbo imapumira paja, holo yonse ili zii, Amayi anaimirira n'kuliza nthungululu ya mtima wonse. A Chirwa anagogoda kandodo kawo, osakwiya n'komwe.

"Tiyambirenso."

Tinayambiranso. Kufika pomwe paja, nthungululu. Tinayambiranso. Chimanga chija chinakula, chinamasula, mpaka chinauma tikuimbabe nyimbo yomweyo. Mnyamata woimba lipenga anali atamera imvi. Mkono wanga unalemera ngati musi, zala zitatupa, ndipo ndinatopa kufikira m'mafupa. Anzanga onse ankangondiyang'ana cham'mbali, chifukwa ankadziwa kuti mayiwo ndi a ndani.

Kenako ndinapezeka ndagwada pamaso pawo, vayolini ili m'manja.

"Amayi, pepani, kuno sachita choncho. Mungokhala chete mpaka tithe."

Amayi anayankha motsitsa mawu. "Chabwino mwanawe, sindimadziwa kuti ndikukuchititsa manyazi." Anakhala pansi, manja pamiyendo.

Ndinabwerera pampando wanga, a Chirwa anakweza kandodo. Ndinakoka uta pazingwe za vayolini, osalira. Ndinakanikiza zolimba, osalira ndithu. Anzanga onse akumveka, yanga yokha ili duu. Tinadutsa popumira paja popanda wosokoneza, a Chirwa akumwetulira, koma ine misozi ili chuchuchu. Mtima unandiwawa kuposa mkono uja. Ndinkafuna kukuwa kuti Amayi lizaninso, koma pakamwa panakana kutseguka.

Pompo foni inalira, ndinadzidzimuka kutacha kale. Anali Amayi, ali m'basi, mawu ali m'mwamba.

"Tanyamuka mwanawe! Ndatengako anzanga a kwaya, akuti akakumve. Tikakusangalalira mpaka holo yonse idziwe kuti uli ndi mayi ako!"

Ndangoti muyende bwino, n'kukhala pabedi ndagwira tsaya. Inu odziwa kumasulira maloto, tandiuzani, amenewa akutanthauza chiyani? Basi ifika masana ano, ndipo sindikudziwa kuti ndikhumudwitse ndani, a Chirwa kapena Amayi.