Khosi la Sailyk

Sailyk, mkazi wa achimwene anga a Kaadyr, anakhala nafe zaka makumi awiri kumapiri a Mongun-Taiga osakweza mawu ngakhale pokalipira galu. Ine ndinkangoti ndi manyazi. Kupusa kwanga kunali kumeneko.

Anakulira kubusa, pambuyo pa bambo ake, katswiri wa khoomei, kuimba kwa pakhosi kotulutsa mawu awiri nthawi imodzi, ena ogunda pansi, ena olira ngati likhweru. Mwanayo anangotola ndi makutu. Amayi ake atamupezerera akuyeserera kulira kwa mtsinje, anamumenya pakamwa. Kwathu mkazi saimba zimenezo. Amati akaimba, mwamuna wa m'nyumba mwake amafa.

Chaka chimene chisanu chinatimalizira ziweto, tinatsala ndi ng'ombe yaubweya imodzi, ya bere. Inabereka, koma mwanayo inamukana, kumugunda ndi kumuponda. Ng'ombe zathu zimauma mkaka mwana akafa, ndipo achimwene, amene chifuwa chinali chitawagwetsa, sankalandira china kupatula tiyi wa mkaka. Ng'ombe ikakana mwana, achimwenewo ndi amene ankaifewetsa mtima poiimbira, koma tsopano mpweya unkangowakwanira kutsokomola. Mwamuna wina wodziwa kuimba anali ulendo wa masiku awiri pa hatchi.

Tsiku lachitatu, mwana wa ng'ombe uja atasiya kuimirira, Sailyk anamanga mpango. Ndinamutsekereza pakhomo la hema, n'kumuuza kuti asayerekeze dala.

"Alamu, tasunthani," anatero. "Ndikapanda kuimba, achimwene anu afa ndi njala. Ndikaimba, mwati afa. Ndiye sankhani inuyo, poti ochenjera ndinu."

Ndinasuntha, n'kumutsatira kukhola.

Mawu amene anatuluka m'kamayi kaja anandiimitsa tsitsi. Anali akuya kuposa a achimwene, osalala, osati a munthu woyamba tsiku lomwelo ayi. Agalu anakabisala kuseri kwa khola. Ng'ombe inaima njii, kenako inanunkhiza mwana wake n'kumulola kuyamwa.

M'hema ndinapeza achimwene atadzuka, atatsamira mzati. Anandifunsa kuti mlendo akuimbayo ndi wakuti. Ndisanayankhe anazindikira okha, ndipo ndinaona mantha akuwalowa.

Sailyk analowa ndi mkaka wofunda m'mbale, n'kugwada pafupi nawo. Achimwene anaiyang'ana mbaleyo nthawi yaitali, milomo itauma gwaa, kenako anagona n'kumufulatira.

"Kapatseni agalu," anatero.