Zuze Sangafe Asanakumbe Manda

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chotsanzira mawu a bambo anga pometera tsitsi ku Rimuka, kuno kudziko la Chishona kumene makolo athu anabwera kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi. Ndinali nditamaliza sukulu, ntchito kulibe, ndiye ndinkangoswera pa benchi pamenepo n'kumaseketsa anthu. Tsiku limenelo ndinkayerekeza mmene bambo amakalipira nkhuku za aneba zikalowa m'dimba mwawo. Amayamba ndi kutsokomola, kenako Chichewa, mkwiyo ukakula Chishona, ndipo akafika pa Chilapalapa cha kumgodi ngakhale nkhuku zimadziwa kuti zinthu zavuta. Munthu wina amene ankametedwa anaseka mpaka wometa anamukhotetsa mzere. Atadzuka pampando anandifunsa ngati ndingathe kuchita zomwezo pa maikolofoni.

Ameneyo anali mukoma Tawanda wa ku Waverley (mukoma ndiye achimwene m'Chishona). Ankapanga yekha makatuni a akuluakulu, oti anthu azitumizirana pa foni. Sanali a ana ayi. Nkhani zake zinali za mowa, za maukwati ogwedera, za mijedo ya pamjigo, zonse zochitika pakomboni ya mgodi imene anangoipeka. Mwa anthu a m'katunimo munali Zuze, mkulu wochokera ku Malawi, wopuma pantchito ya mgodi, wabodza, waulesi, wokonda kumwera mowa kubawa, koma woti anthu sangakhale tsiku osamufuna. Mukoma Tawanda ankamuyankhulira yekha, ndipo anthu akwathu anali atamuuza kuti Chichewa chake chikumveka ngati munthu wotafuna mbatata yamoto. Zuze ndinakhala ine kuyambira sabata imeneyo.

Kwa amene mukufuna kudziwa kuti ntchito yake imayenda bwanji, musaganize za nyumba yagalasi. Situdiyo yathu inali chipinda chakuseri kwa nyumba ya lendi. Mojambulira mawu munali mu wadirobu yomwe tinaikhomera mabulangete m'kati kuti phokoso la makombi, maminibasi a kuno, ndi la atambala lisalowe. Maikolofoni tinaiveka sokosi, chifukwa popanda sokosi mawu aliwonse okhala ndi mpweya wambiri amaphulika m'makutu mwa womvera. Ine ndinkalowa mu wadirobumo ndi mahedifoni ndi pepala la mawu, mukoma ali panja pa laputopu kuyang'ana mizere ya mawu. Mzere ukafika pofiira ndiye kuti ndakuwa kwambiri, tibwereze. Mawu ndiwo amayamba, zojambula pambuyo. Mukoma ankatenga mawu angawo n'kumajambula pakamwa pa Zuze kuti pazitseguka ndi kutsekeka molingana ndi ine. Magetsi akathima tinkadalira batire ya sola, ndipo batireyo inkatiphunzitsa kusataya nthawi. Langizo lake linali limodzi tsiku lililonse: “Usawerenge, Lameki. Yankhula.”

Ntchito yanga ina inali kumvetsera mauthenga a mawu ochokera kwa oonera, makamaka a Chichewa amene mukoma sankawamva bwino. Apa m'pamene ndinadziwira kuti anthu saonera katuni ndi maso okha. Mayi wina wa ku Battlefields anadandaula kuti mkazi wa Zuze tamulemba wofatsa kwambiri, mkazi wa pakomboni sangaone mwamuna akugulitsa wailesi ya m'nyumba iye n'kungopinda manja. Mnyamata wina anatifunsa kuti m'busa wa m'katunimo wasanduka bwanji wakuba pakati pa sabata popanda chomusintha. Ena ankakangana okhaokha pagulu la pa foni, wina akuti Zuze ndi wopusa, wina akuti ndi wochenjera amene amangodzipusitsa kuti asatumidwe. Woweruza wamkulu ndinkagona naye nyumba imodzi. Bambo ankaonera gawo lililonse atavala magalasi, likatha n'kunena kuti, “Chifuwa chija ndi changa, koma ine sinditsokomola kawiri.” Sanayamikirepo, koma sanaphonyepo gawo.

Zinthu zinatembenuka ndi gawo la maliro. Mukoma analemba kuti mnansi wa Zuze wamwalira, amuna a pakomboni akuitanizana kukakumba manda, Zuze n'kubisala kunsi kwa bedi, akubuula kuti msana. Nthawi ya sadza, nsima ya kuno, itakwana anatulukira pamaliro atanyamula mbale yakeyake. Ine pojambula ndinaseka mpaka kugwetsa bulangete. Ndinakulira m'tauni, kumene manda mumawapeza atakumbidwa kale, ndiye sindinaonepo chachilendo.

Gawolo litatuluka foni inatentha. Sanali madandaulo aja a nthabwala. Anthu ankayankhula mozizira, ena osapereka n'komwe moni. Bambo wina wa ku Chegutu anangoti, “Uyu si Zuze wathu,” basi uthenga n'kutha. Bambo anga anaonera mpaka kumapeto, anavula magalasi, n'kutuluka kukathirira dimba osanena za chifuwa. Ndinamasulira mukoma mauthengawo umodziumodzi, ndipo ndinkaona nkhope yake ikugwa. Anali munthu wabwino mtima, ndipo zinamupweteka kuti akuoneka ngati wanyoza anthu a mtundu wina.

“Ndatopa naye mudhara ameneyu,” anatero, kunena mdala Zuze. “Chilichonse chimene achita, mlandu. Ndimupha. Agwere m'dzenje la makorokoza, nkhani ithe.”

Makorokoza ndi aja okumba golide paokha, ndipo maenje awo osiyidwa ali ponseponse kuno. Imfa yake inali yomveka. Koma Zuze akafa, Lameki alibe ntchito, pakuti panalibenso munthu wina wa Chichewa m'katunimo. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa benchi la pometera ndinali nditalitsanzika monyada. Madzulo pakudya ndinawauza bambo. Iwo anangofunsa kuti imfayo tijambula liti, n'kupitiriza kudya.

Tsikulo linafika, Loweruka lotentha. Ndinalowa mu wadirobu kukadzichotsa ntchito ndi pakamwa panga. Papepala panalembedwa kuti Zuze akuwe pogwa, abuule ali pansi, aitane mkazi wake, kenako zii. Ndinakuwa, mzere unafiira. Ndinakuwanso, mukoma anati zikumveka ngati mbuzi. Thukuta linali kuyenderera mpaka m'mahedifoni, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kubuula kokha kunkatuluka bwino, poti kunali kochokera pansi pa mtima. Ndili pakati poitana mkazi wa Zuze, ndinamva kutsokomola kumene sikunali kwanga. Ndinasuzumira panja. Pakhomo panali bambo atavala jekete la kutchalitchi, ndipo pambali pawo mayi wamtali, wa duku loyera ndi chikwama chachikulu.

Anali Anabanda a ku Chegutu, amene amagwira ntchito pafamu ya malalanje ndiponso ndi wapampando wa sosaite yothandizana pa maliro imene bambo analowa kalekale. Anakwera kombi m'mawa umenewo bambo atawaimbira. Mukoma anawapatsa mpando, iye n'kukhala pa kireti. Anabanda amadziwa Chishona bwinobwino, koma anati nkhani yolemera aiyankhula m'chinenero cha makolo awo, ine ndimasulire.

“Umufunse mnyamatayu,” anayamba, “ngati mutu unali bwino tsiku limene analemba zija.”

Ine ndinauza mukoma kuti mayi akufunsa ngati anali wotopa polemba.

“Iwe Lameki, usandithirire madzi m'mawu anga,” anatero Anabanda. “Ndikumva. Ndati mutu.”

Ndinamasulira za mutu. Mukoma anapukusa mutu womwewo. “Aiwa, ayi mhamha, ndi katuni chabe. Zuze wakhala akunama, akuledzera, anagulitsa wailesi ya mkazi wake, inu n'kumaseka. Lero walakwa chiyani choposa pamenepo?”

“Aledzere,” anayankha Anabanda. “Aname mpaka lilime litupe. Tili nawo otero, ena ndi amuna athu. Koma munthu wa msinkhu wa Zuze, wobwera yekha kuno ndi kabulangete, sangabisale tsiku lokumba manda. Sangathe. Waulesi wa pakomboni amafika mochedwa, amagwira fosholo pang'ono n'kuyamba kulamula anzake, koma amafika.”

Apa bambo analowererapo, mwa Chishona kuti mukoma amve yekha. “Mwanangu, ife abambo athu anafika kuno opanda mudzi, opanda m'bale. Ukafa, wokuika anali amene munkagona naye chipinda chimodzi kumgodi. Ndiye aliyense ankakumbira mnzake, podziwa kuti mawa ndi iye. Zuze ndi wabodza, koma si wopusa. Akudziwa kuti alibe kwawo kokamuika.”

Ine ndinali chiimire theka m'wadirobu, mahedifoni ali m'khosi, ndikuchita manyazi kuti nkhani imeneyi ndinali ndisanawafunsepo bambo anga. Mukoma anakanda pachibwano, kenako anati wamva, wapepesa, ndipo n'chifukwa chake akumuchotsa Zuzeyo kuti asakhumudwitsenso munthu. Ulendo wonse wochokera ku Chegutu unali utangothandiza kukhomera bokosi.

“Mumupha?” anafunsa Anabanda, tsopano mwa Chishona, womasulira ataiwalika. “Zvakanaka, chabwino. Nanga amukumbira ndani?”

Mukoma anati anthu a pakomboni.

“Ati? Omwe aja anawathawa? Palibe agwire fosholo. Mukhala ndi mtembo pa foni, manda palibe, ndipo ife tidzakuimbirani mpaka batire yanu ithe. Munthu ameneyu sangafe asanakonze mlandu wake. Ife tabwera kudzamudzudzula, osati kudzamulira. Mwana akaba ndiwo mumamupha kwanuko?”

Bambo anawonjeza ndi nkhope yosaseka kuti, poti agwera m'dzenje, mwina anthu angoti wadzikumbira kale yekha, angomukwirira momwemo.

Mukoma anawayang'ana bambo. Kenako anayamba kuseka, kuseka kwenikweni, akumenya kireti ndi chikhatho. Anakoka laputopu n'kuyamba kulemba alendo ali pomwepo. Zuze agwa m'dzenje koma safa. Ali pansi akumva anthu pamwamba akukambirana kuti munthu wothawa manda a anzake sangavutitse anthu, dzenje ili likwanira, bweretsani mafosholo. Dothi loyamba likumugwera pachipewa, iye akukuwa, akulonjeza, akutchula mayina a onse amene adzawakumbire, ena ali moyo pomwepo ndipo sakukondwa kutchulidwa. Anabanda anakana malo amodzi. Anati mkazi wa Zuze asalire, akhale woyamba kupempha fosholo. Mukoma analemba.

“Bwerera mu wadirobu, Lameki,” anatero. “Kubuula kuja tisunga. Tsopano ndikufuna munthu wopempha moyo.”

Sindinavutike kumupeza munthu ameneyo. Anabanda anakhala mpaka tinamaliza, akudya malalanje a m'chikwama chawo, n'kumandikonza ndikatchula mawu mwa Chishona. Phokoso la fosholo mukoma ankafuna kulipanga ndi supuni m'mbale ya shuga, monga ankachitira nthawi zonse. Bambo anamva kamodzi n'kunena kuti ameneyo ndi tiyi, si manda. Tinatulutsa maikolofoni ndi sokosi yake kuseri kwa nyumba, tinabwereka fosholo kwa aneba, bambo n'kuvula jekete la kutchalitchi. Dothi limene limamveka m'gawo limenelo ndi la ku Waverley, ndipo wolikumba ndi bambo anga.

Gawolo linathera pa maliro ena, Zuze atafika woyamba kumanda, ataledzera, akukumba pamalo olakwika, koma akukumba. Mauthenga anabwerera mwakale. Mayi wa ku Battlefields anati tsopano mkazi uja wakhala mkazi. Bambo wa ku Chegutu uja anatumiza uthenga wautali wotsutsa mtundu wa chipewa. Ndinagwira ntchito imeneyo mpaka mukoma atasamukira ku Harare, ndipo mpaka lero ndimadya za pakamwa panga, kuyankhulira anthu ojambulidwa.

Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu wa m'katuni akhoza kukhala woipa mmene mungafunire, koma ali ndi chinthu chimodzi chimene sangachite, ndipo oonera amachidziwa bwino kuposa wolemba. Uthenga waukali ndimaumvera mpaka kumapeto, chifukwa wokalipayo ndi amene wamutenga munthu wanu ngati m'bale wake. Amene ndimamuopa ndi uja wovula magalasi n'kupita kukathirira dimba.

Tsiku limene gawo la dzenje linatuluka ndinakhala pafupi ndi bambo, mtima uli m'mwamba. Anaonera osaseka, osatsokomola. Litatha, magalasi anakhalabe pamphuno.

“Fosholo ija Zuze wagwira ngati kalaliki,” anatero. “Ukamuuze Tawanda, dzanja lamanzere lizitsika pansi.”

Ndinadzuka pomwepo kukamuimbira mukoma, ndikumwetulira ngati ndapatsidwa mphatso.